KODI NKHUNGU IPHA MUNTHU?

Pakagwa maliro pamudzi anthu sakhutira ndi kulira kokha. Akabwera kumanda afuna kudziwa cimene cadya mnzaoyo, ndipo kawirikawiri mayankho ace ndi awiri. Ena anena kuti linali tsoka, monga mphenzi kapena madzi osefukira, zimene munthu sangaziitanire kubwalo. Ena anena kuti pali dzanja la munthu, ndipo pamenepo mlandu uyenera kuweruzidwa. Koma ziripo imfa zina zimene sizilowa bwino m'mayankho awiriwa, cifukwa nyengo ndi anthu zinathandizana pozibweretsa. Ngati munthu acita cinthu cimene masiku onse sicipha, koma tsiku lina nyengo isintha ndipo cinthu comweco cipha, kodi mlandu uli pa nyengo kapena pa munthuyo? Funso limeneli linasautsa anthu a m'tauni yaing'ono ya Engis, m'dziko la Belgium ku Ulaya, m'caka ca 1930, ndipo nkhani yao iyenera kumveka bwino funsoli lisanayankhidwe.

Engis iri m'mbali mwa mtsinje wa Meuse, pakati pa mizinda ya Huy ndi Liège. Pamenepo mtsinjewo uyenda m'cigwa copapatiza cokhala ndi zitunda mbali zonse ziwiri. M'masiku amenewo cigwaci cinali malo a nchito zazikuru. Pa mtunda wa makilomita ngati 20 panali mafakitale 27, ena osungunula citsulo, ena oyenga zinki, citsulo cija apaka pa malata kuti asacite dzimbiri, ena opanga magalasi, fetereza ndi magetsi. Mafakitalewa anali kusonkha malasha okumba m'migodi, ndipo mabanja a anchito anali kuphikira ndi kuothera malasha omwewo. Utsi unali cinthu cozolowereka kwa iwo, popeza anabadwira m'menemo.

Ku Ulaya nyengo yozizira ifika mu Disembala, pamene ku Zambia mvula iri kugwa ndipo anthu ali pa nchito yopalira. Dzuwa lituluka mocedwa ndi kulowa msanga. Lolemba, pa 1 Disembala 1930, mphepo inangoti zii, ndipo nkhungu inaphimba mbali yaikuru ya dziko la Belgium. Palibe amene anadabwa. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo, m'dziko la Malawi, adziwa ciperoni wa mu Juni ndi Julayi, pamene mitambo itsikira pansi, mawawa nagwa masiku angapo osaleka, zobvala zocapa osauma. Munthu wotere angobvala jekete nadikira dzuwa, pakuti adziwa kuti ciperoni sapha. Momwemonso anthu a ku Engis anayatsa nyali masana, naonjezera malasha pamoto, napita ku nchito monga mwa masiku onse.

Laciwiri nkhungu sinacoke. Lacitatu anthu mazana ambiri anayamba kudwala pa nthawi imodzi m'cigwa conse. Pakhosi panali kuwawa, maso anali kugwa misozi, cifuwa cinali kuthina, ena anali kusanza, ndipo ambiri anali kubanika monga acitira munthu wa mphumu. Lacinai ndi Lacisanu, pa 4 ndi pa 5 Disembala, anthu oposa 60 anamwalira. Ciwerengero cimeneci cinaposa kakhumi imfa za masiku onse m'deralo, ndipo ku Engis ndiko kunafa ambiri. Ocuruka a iwo anali okalamba ndi amene anali kale ndi nthenda ya mtima kapena ya m'mapapo. Ng'ombe nazonso zinadwala, zina zinafa. Sabatayo ikutha nkhungu inabalalika, ndipo kudwala kwatsopano kunalekera pomwepo.

Mantha anabala mphekesera zambiri. Ena anati unali mpweya wa poizoni wotsala pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ena anati mliri wa makedzana wabweranso. Ena anati mphepo yatenga fumbi loipa kucokera ku cipululu ca Sahara. Mphekesera zonsezi zinali zosiyana, koma zinafanana pa cinthu cimodzi: zonse zinaika gwero la imfazo kutali, ku nkhondo yakale kapena ku dziko la eni. Ndi mmene mtima wa munthu uliri. Ufulumira kuloza mdani wa kutsidya, koma ucedwa kuyang'ana cinthu cimene cim'dyetsa tsiku ndi tsiku.

Boma linasankha akatswiri kuti afufuze, ndipo mtsogoleri wao anali dotolo Jean Firket wa pa yunivesite ya Liège. Iwo anang'amba mitembo ina, nayesa zimene zinali kuturuka m'macumuni, napereka mau ao m'caka ca 1931. Anapeza kuti panalibe mliri kapena mpweya wa nkhondo. Cimene cinapsereza njira za mpweya m'zifuwa za anthu cinali mpweya wa sulufule wocokera ku malasha oyaka, umene ukakomana ndi cinyezi ca nkhungu usanduka asidi. Patapita zaka, mu 1937, katswiri wa ku Denmark, Kaj Roholm, anatsutsa kuti coopsa koposa cinali mpweya wina wochedwa fluorine. Komabe onse awiri anabvomerezana kuti poizoniyo anaturuka m'macumuni a m'cigwa momwemo. Umboni waukuru unali wakuti nkhungu yomweyo inaphimba madera ena a Belgium, koma kumeneko anthu sanafe.

Nanga cinasintha nciani m'sabata imeneyo, popeza utsi unali womwewo wa masiku onse? Masiku ambiri mpweya wa pansi ndi wofunda kuposa wa kumwamba, ndipo pokhala wopepuka ukwera, nutenga utsi kupita nao kutali. Koma usiku wozizira wopanda mphepo nthaka izizira msanga, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, utsetsereka m'zitunda nudzaza cigwa monga madzi adzaza dambo. Pamwamba pace pakhala mpweya wofunda umene uutsekera monga cibvundikiro pa mphika. Nkhungu ikapangika pansipo iletsa dzuwa kufunditsa nthaka, kotero kuti cibvundikiroco sicicoka kufikira mphepo kapena mvula yamphamvu itabwera. Ali yense amene anamvapo za banja lopezeka litakomoka m'mawa wa mu Juni, cifukwa linagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera, angathe kumvetsa zimenezi. Mpweya wa mbaula ndi wa mtundu wina, koma njira ya imfa ndi imodzimodzi. Cigwa ca Meuse cinasanduka nyumba yotseka, ndipo mafakitale 27 ndi mafuwa a m'nyumba zikwi zambiri anali mbaula zace.

Tsopano mlandu uli pabwalo, ndipo mwini fakitale ali ndi mau ace. Iye angati: "Sindinaonjeze utsi m'sabata imeneyo. Ndinacita zimene ndacita zaka zonse, ndipo palibe amene anagwa nafa. Nkhungu sindinaiitane ine, ndipo mphepo siimva mau anga." Mau amenewa si opusa, cifukwa ndi zoona kuti popanda nkhungu anthu 60 aja sakadafa m'masiku awiri. Koma taganizani za munthu wokumba mbuna m'mbali mwa njira ya kumadzi. Pa mwezi wowala anthu aiona nailambalala, ndipo papita masiku ambiri popanda ngozi. Usiku wina wa mdima nkhalamba igweramo nithyoka msana. Kodi wokumbayo angauze bwalo kuti mlandu ndi wa mdima? Akuluakulu angamuyankhe kuti mdima ufika mwezi uli wonse, ndipo wokumba mbuna ayenera kuukumbukira pokumba. Nkhungu m'cigwa ca Meuse iri ngati mdimawo. Ibwera nyengo yozizira iri yonse, ndipo womanga cumuni m'cigwa cotere amanga podziwa kuti tsiku lina mphepo idzaleka. Munthu sayesedwa wosalakwa cifukwa cakuti zocita zace ziri bwino pa tsiku labwino lokha.

Mau aciwiri ndi obvuta koposa. Macumuni anali ambiri, ndipo utsi ukasanganikirana m'mwamba ulibe cizindikiro ca mwini wace. Ofufuza aja sanathe kuloza fakitale imodzi kuti ndiyo inapha. Ngakhale mai wamasiye wophika cakudya ca ana ace anaonjezapo kautsi kace. Apa ambiri aganiza kuti mlandu wa anthu onse suli wa munthu ali yense. Komatu kumudzi sauweruza motero. Ng'ombe za makola asanu zikalowa m'munda usiku umodzi, mwini munda sauzidwa kuti apite kwao cifukwa sadziwa ng'ombe imene inadya phesi liti. Bwalo liwerenga ng'ombe za khola liri lonse, ndipo wa ng'ombe makumi awiri alipa koposa wa ng'ombe imodzi. Mlandu ukakhala wa ambiri ugawidwa, ndipo gawo la munthu liyesedwa ndi zinthu zitatu: kucuruka kwa zimene anathiramo, phindu limene anapezapo, ndi mphamvu imene anali nayo yocita mwina. Mai wamasiyeyo akadaleka kusonkha moto ana ace akadafa ndi cisanu. Mwini fakitale akadacepetsa moto kwa masiku atatu akadataya ndalama zokha. Awiriwa sangasenze katundu wofanana.

Mau acitatu ndiwo akuti: "Sitinadziwe." Awa ndi mau olemera, pakuti munthu saimbidwa mlandu wa cinthu cimene sakadatha kucidziwa. Anthu a mu 1930 angathe kukhululukidwa pang'ono, ngakhale kuti m'caka ca 1911 nkhungu yotere inapha kale ng'ombe m'cigwa comweco. Koma kusadziwa kuli ndi malire, ndipo malire ace ndi cenjezo. Firket analemba kuti ngozi yotere itagwera mzinda wa London ingaphe anthu ngati 3,200. Cenjezolo linasindikizidwa, akatswiri analiwerenga, koma macumuni anapitirira kufuka monga kale.

Patapita zaka 18 zomwezo zinacitika ku Donora, tauni ya anthu ngati 14,000 m'cigawo ca Pennsylvania ku Amereka. Tauniyi iri pamene mtsinje wa Monongahela upinda pakati pa zitunda, ndipo inali ndi fakitale ya citsulo ndi ina ya zinki. Nkhungu inatsika m'sabata yomariza ya Okutobala 1948, nikhala masiku asanu. Anthu anaizolowera kotero kuti Lacisanu madzulo anacita cionetsero cao ca pamseu, ndipo Loweruka anapita kukaonera mpira, pamene ena anali atayamba kale kumwalira m'nyumba. Ng'anjo za zinki zinazimitsidwa m'mawa wa tsiku la Sabata, pa 31 Okutobala, ndipo tsiku lomwelo mvula inagwa nitsuka mpweya. Anthu 20 anafa, ndipo pafupifupi 6,000 anadwala. Eni fakitale anati zimenezi zinali zocita Mulungu. M'caka ca 1951 anapereka ndalama kwa odandaula, koma sanabvomere kuti analakwa. Pambuyo pace, kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, nkhungu ya utsi inaphimba London yemwe uja. Ciwerengero coyamba cinati anthu ngati 4,000 anafa, ndipo ofufuza a m'zaka zapambuyo anati anafika ngati 12,000. Firket anangolakwa pocepetsa. Akale anati caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Cimene cinali tsoka pa ulendo woyamba sicingachedwenso tsoka pa ulendo waciwiri ndi wacitatu, cifukwa pamenepo anthu anali atauzidwa.

Komabe pali mbali ina imene munthu woona mtima sayenera kuilumpha. Mabanja ambiri a ku Donora anali kudya za m'mafakitale omwewo, ndipo ambiri a iwo sanafune kuti eni nchito aimbidwe mlandu, poopa kuti zipata zingatsekedwe. Kwa iwo cumuni wofuka anali cizindikiro cakuti malipiro abwera, ndipo cumuni wozima anali njala. Munthu wokhuta sayenera kuwaseka, pakuti mantha ao sanali acabe: fakitale ya zinki inatsekedwa m'caka ca 1957, ya citsulo inatsatira, ndipo tauniyo inacepa anthu. Walira mvula walira matope, ndipo dziko lofuna citsulo, magetsi ndi fetereza liyenera kudziwa kuti zonsezi ziri ndi mtengo wace.

Koma mwambi umenewu uli ndi polekezera. Unena za munthu amene alira mvula naponda matope iye mwini. Ku Engis ndi ku Donora amene anapeza phindu lalikuru sanali amene anabanika. Anafa anali nkhalamba ndi odwala, anthu amene sanafunsidwe ngati alola kulipira citsulo ndi mpweya wa m'zifuwa zao. Munthu ali ndi ufuru wobvomera ngozi pa thupi lace kuti ana ace adye, monga acitira wolowa pansi pa mgodi. Alibe ufuru woibvomerera mnansi wace amene sanafunsidwe ndipo salandirapo kanthu. Ndiponso nthawi zambiri kusankha sikukhala pakati pa nchito ndi moyo, monga ena afunira kuti anthu akhulupirire. Ku Donora kunali kotheka kuzimitsa ng'anjo Lacisanu m'malo mwa tsiku la Sabata. Masiku awiriwo sakadagwetsa kampani, koma ndiwo masiku amene ambiri anamwalira.

Alipo ena amene anati akufawo anali okalamba ndi ofoka, ndipo akadafabe posacedwa. Mau awa amveka ngati nzeru ya mawerengero, koma mkati mwace muli nkhanza. Palibe munthu amene sadzafa, ndipo wakupha ali yense angofupikitsa masiku amene akadatha okha. Gogo amene anatsala ndi zaka zitatu, zaka zimenezo zinali zace, zoti aone mdzukulu ayamba kuyenda, ndipo palibe amene anali ndi cilolezo cozitenga. Ofokawo ndiwo ayamba kugwa, koma mpweya umene unawagwetsa unalowanso m'zifuwa za ana ndi za anyamata amphamvu. Mudzi wanzeru ukaona nkhalamba zikugwa motero udziwa kuti cenjezo lafika kwa onse.

Cotero yankho la funso lija liri lakuti nkhungu siipha munthu. Nchito yace ku Engis inali kutseka citseko ndi kubwezera anthu zimene iwo anali kutaya m'mwamba tsiku liri lonse. Masiku ena onse mphepo inali kunyamula utsiwo ndi kuugawira anthu a kutali pang'ono pang'ono, kotero kuti kuipa kwace sikunaoneke, ndipo wodwala cifuwa m'mudzi wina sanadziwe kumene nthenda yace inacokera. Sabata imodzi ya bata inaunjika poizoniyo pamalo amodzi kuti anthu amuone ndi maso. Nyengo iri ndi mbali yace, koma siingaitanidwe kubwalo ndipo siingasinthe khalidwe. Amene angasinthe ndi anthu, ndipo cifukwa cace mlandu utsalira iwo.

Umboni wakuti zinthuzi zinali m'manja mwa anthu ndi wakuti anthu omwewo anazikonza. Amereka inakhazikitsa lamulo lace loyamba la dziko lonse lokhudza kuipitsa mpweya m'caka ca 1955. Britain inakhazikitsa lamulo la mpweya woyera m'caka ca 1956, limene linapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa utsi wa malasha m'madera osankhidwa. Nkhungu ikali kutsika m'zigwa za Meuse ndi Monongahela, koma siisiyanso mitembo makumi makumi m'masiku awiri. Anthu a ku Engis anaimika cikumbutso ca akufa ao m'caka ca 2000, ndipo a ku Donora anatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya utsi uja m'caka ca 2008.

Nkhaniyi si ya Azungu okha, cifukwa mpweya wa sulufule umene unapha ku Engis uturukanso posungunula miyala ya mkuwa. Ku Mufulira, kumene ng'anjo ya mkuwa inayamba nchito m'caka ca 1937, anthu a ku Kankoyo anaucha utsiwo senta, ndipo kwa zaka zambiri anaona malata akudyeka ndi ndiwo za m'dimba zikupserera. M'caka ca 2020 bwalo lalikuru koposa la Zambia linagamula kuti kampani ya mgodi ilipe banja la mai wina amene anamwalira atapuma utsiwo pa 31 Disembala 2013. Pamenepo cumuni anali mmodzi ndipo mwini wace anadziwika. Koma mlandu wa manja ambiri, wonga wa ku Engis, sucepa cifukwa cakuti ndi wobvuta kuuweruza.

Wacinyamata amene watsiriza sukulu adzalowa nchito m'mgodi, m'fakitale kapena mu ofesi ya boma, ndipo tsiku lina adzapeza cinthu cimene onse acidziwa kuti ncoipa, koma acilekerera cifukwa sicinaphe munthu. Cingakhale madzi onyansa otayidwa mumtsinje podalira kuti mvula idzawasukuluza, kapena mlatho wowola umene ukali kupirira cifukwa mtsinje sunadzale. Akadzafunsa adzauzidwa kuti zakhala comweco zaka zonse. Pamenepo ayenera kukumbukira kuti ku Engis macumuni anafukanso zaka zonse popanda maliro oonekera, kufikira Lolemba lija pamene mphepo inaleka. Funso lomuyenera ndi lakuti cinthuco cidzacita ciani pa tsiku loipa, ndipo adzacilipira ndani. Akadziwa yankho lace nakhala cete, sadzakhalanso ndi mau akuti linali tsoka.